Musathamangire kufomata kompyuta

Aphunzitsi anzanga, kompyuta ikangochita buluu n'kuzima, ambiri timati ndi vairasi, n'kuthamanga nayo pa Chitakale kuti akaifomate. Mayeso ndi malikisi a ana zimathera pomwepo.

Ine ndikuti, yambani mwawerenga zomwe yalemba. Mukaona 0x0000007B kapena INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, ndiye kuti Windows yalephera kufikira hadi disiki, kawirikawiri chifukwa dalaivala wake sakugwirizana ndi makinawo. Windows XP ya 2001 inabwera yopanda dalaivala wa AHCI. Zimachitikanso mukasamutsa disiki kuchoka m'kompyuta ina, kapena kabatire ka BIOS kakatha.

Lowani mu BIOS, bwezerani SATA pa IDE kapena AHCI monga zinalili. Disiki ikakhala yabwinobwino, mafayilo anu akadalimo. Ophunzira anga akale okonza makompyuta, chonde yesani izi musanafufute chilichonse.