Mpamba wathu uli m'foni, nanga magetsi ake achokera kuti?

Loweruka lapitali mayi wina wogulitsa mazira pano pa Mikolongwe anaphonya kasitomala wa mathireyi asanu. Ndalama munthuyo anali nazo, koma zinali m'foni, ndipo netiweki inali itagwa kuyambira m'mawa. Anayesa katatu, osatheka. Minibasi ya ku Limbe italiza hutala, wogula anakwera, mazira n'kutsala pabenchi.

Lero tisiye kaye mitengo ya nandolo ndi chimanga, tikambe za nyumba ina imene ambiri sitinaiponde koma imagwira malonda athu pakhosi. Dzina lake ndi data centre.

Mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mukafunsa mtengo wa tomato ku Limbe pa WhatsApp, uthengawo sungolumpha kuchoka pafoni yanu kupita ya mnzanu. Umadutsa pansanja ya netiweki n'kukafika m'nyumba yodzaza makompyuta amphamvu, amene amaona ngati ndalama zilipodi, n'kuzichotsa kwa uyu kuziika kwa uyo. Makompyutawa sagona. Amadya magetsi usana ndi usiku ndipo amatentha kwambiri.

Ife oweta nkhuku za Mikolongwe tikudziwa kuti anapiye amafuna mbaula kapena babu kuti afunde. Makompyuta ndi osiyana: amafuna kuziziritsidwa, apo ayi amazima okha. M'nyumba yosamangidwa mwanzeru, makina oziziritsira okha amatha kudya gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse. Bungwe la International Energy Agency linapeza kuti mu 2024 nyumba zoterezi zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi. Ku Ireland, komwe makampani akuluakulu anamanga nyumbazi mochuluka, mu 2023 zinadya 21 peresenti ya magetsi a dzikolo.

Kuno kwathu tayamba kale. Mu July 2022, Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko lino, anatsegula National Data Centre ku Blantyre, yomangidwa mothandizana ndi kampani ya Huawei. Mabanki ndi makampani a mafoni nawonso ali ndi zipinda zawo za makompyuta. Ine sindikutsutsa. Ndi bwino kuti nkhani za boma ndi za ndalama zathu zisungidwe m'dziko mwathu muno m'malo mochita lendi kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Koma walira mvula walira matope. Funso langa ndi lakuti, magetsi ake achokera mumphika uti?

Mphika wathu ndi waung'ono. Magetsi ambiri amene ESCOM imatigulitsa amapangidwa ndi EGENCO pamtsinje umodzi wa Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panatha chaka ndi miyezi makinawo asanayambenso. Tonse tikukumbukira: zigayo zili zii, owotcherera akuwodzera pakhonde, nyama ikuwola m'mafiriji.

Tiwerengere limodzi. Nyumba ya makompyuta yodya megawati imodzi yokha, pa masiku 30 imamaliza mayunitsi 720,000. Ngati banja limagwiritsa mayunitsi 100 pamwezi, amenewo ndi magetsi a mabanja 7,200. Ndipo nyumba yotere siloledwa kuzima ngakhale mphindi imodzi. Magetsi akachepa, amene adzathimitsiridwe ndi wachigayo ndi wometa, osati makompyuta.

Magetsi a ESCOM akazima, majenereta a dizilo amadzuka, kunyumba za makompyuta ndi kunsanja za netiweki komwe. Dizilo ameneyo ndi yemweyo amene lole yonyamula nandolo imagonera pamzere kumalo omwetsera mafuta. Amagulidwa ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogula kunja chinakwera, ndipo kampani siimeza yokha mtengo wotere. Umabwera kwa ife kudzera m'mabandulo ndi m'ndalama zimene amadula potumiza ndi potapa.

Palinso utsi. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu oposa awiri ndi theka a mpweya wa kaboni, umene ukutenthetsa dziko. Wina anena kuti utsi wa Malawi ndi dontho chabe poyerekeza ndi wa America kapena China, ndipo akunena zoona. Koma munthu wa ku Chiradzulu amene anaona phiri likugumukira mudzi wa Ntauchira nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 safuna kumuphunzitsa za kusintha kwa nyengo. Komanso kwa ife utsi ndi ndalama ndi chinthu chimodzi: lita iliyonse imene sinapse ndi dola imene yatsala kuti igule feteleza kapena mankhwala.

Choncho maganizo anga ndi awa. Aliyense womanga kapena kukulitsa nyumba ya makompyuta m'dziko muno abwere ndi ndiwo zake, asangobwera ndi njala. Aike mapanelo a sola ndi mabatire okwanira, jenereta ikhale ya pangozi basi. Zimenezi si maloto. Ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene unayamba ntchito mu 2021, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osunga magetsi. Chachiwiri, amange mogwirizana ndi nyengo yathu. Kumtunda kuno kwa Blantyre, Chiradzulu ndi Thyolo, chiperoni cha June ndi July chimazizira mokwana kuti mpweya wakunja uthandize kuziziritsa makina. Chachitatu, unduna uliwonse usamasunge kachipinda kakekake ka makompyuta ndi jenereta yakeyake pamene nyumba ya tonse ilipo. Chachinayi, a MERA ndi a MACRA azilamula eni nyumbazi kulengeza chaka ndi chaka mayunitsi ndi malita a dizilo amene agwiritsa. Ife timayezedwa sikelo pamsika, nawonso ayezedwe.

Ena aopa kuti malamulo otere athawitsa makampani. Ine ndikuona mosiyana. Kampani imathawa magetsi osadalirika kuposa lamulo lomveka bwino, ndipo imene ili ndi sola yake imagona tulo ngakhale Shire ataphwa.

Phunziro lomweli litsike pabenchi pathu, chifukwa kutentha kosafunika ndi ndalama yotayika, kaya ndi mu data centre kaya mu okala. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola asanu patsiku limadya mayunitsi 9 pamwezi, pamene la LED la mawati 9 silifika ngakhale yuniti imodzi ndi theka. Babu lotentha lisiyireni anapiye. Firiji ya mafirizesi musaiike padzuwa kapena kuikanikiza kukhoma; siyani mpata kumbuyo, pukutani fumbi, ndipo labala wa pachitseko akatha musintheni. Inu otchajitsa mafoni, pogula sola muwerengere kaye mafoni amene mumalandira patsiku, mugule batire yolingana nawo, panelo muziipukuta sabata iliyonse nthawi ya fumbi. Inu ma ejenti ndi ogulitsa, musaike mpamba wonse m'foni. Sungani gawo lina m'manja, mukhale ndi mizere ya makampani awiri, ndipo musapereke katundu uthenga wa ndalama usanafike pafoni yanu.

Mayi wa mazira uja anawagulitsa Lolemba, atatsitsa mtengo chifukwa ena anali atasweka pobwerera nawo kunyumba. Tsopano wagula simu yachiwiri. Iye mbali yake wachita. Atsala ndi aja osunga makompyuta, ndi aphungu athu amene tiyenera kuwafunsa akabwera kudzachititsa msonkhano: nyumba zimenezi zikudya mayunitsi angati, ndipo angati akuchokera kudzuwa?