Tisanatumize matabuleti kumudzi, tikumbukile Taonga Market

Ife a m'tauni tikamva zakuti mwana aziphunzila mbali ina kwa mphunzitsi, mbali ina kupitila pa makina, mutu wathu umathamangila ku laputopu, Zoom na ma bundle. Ndiye umoyo umene tidziwa. Koma mwana wa ku Chama kapena ku Vubwi, kumene netiweki umacita kuikwelela pa culu, nkhani imeneyo siimukhudza.

Tinaziona mu 2020. Masukulu atatsekedwa mu March cifukwa ca korona, maphunzilo anaikidwa pa TV na pa intaneti. Ana a ku Kabulonga anapitiliza. Ambili a kumidzi anapita kukaweta ng'ombe na kukolola cimanga, ndipo masukulu atatsegulidwa, atsikana ena sanabwelelenso.

Comvetsa cisoni n'cakuti dziko lino linali nayo kale njila. Mu 2000, Unduna wa Zamaphunzilo, kupitila mu Educational Broadcasting Services, unayamba pulogilamu ya pa wailesi yochedwa Learning at Taonga Market. Ana amene sanali pa sukulu anali kukumana ku chalichi, m'kanyumba ka udzu, ngakhale pansi pa mtengo. Mphunzitsi wa pa wailesi akafunsa funso, anali kusiya kampata kuti ana ayankhe, aimbe kapena alembe. Pakati pawo panali mentor, munthu wa m'mudzi mwenimweni wophunzilako ndithu, amene anali kulemba pa bolodi na kubwelezanso phunzilo pulogilamu ikatha. Wailesi zina zinali zopukusa na dzanja, zosafuna mabatile. Ku Chikuni, kufupi na Monze, wailesi ya parishi inanyamula nchitoyi kwa zaka zambili.

Makina anali kubweletsa phunzilo, koma mentor ndiye anali kudziwa kuti lelo mwana wakuti sanabwele cifukwa mtsinje wadzala, kapena kuti makolo ake ayamba kukamba za cikwati. Tabuleti singadziwe zimenezo. Nanga batile ikatha, adzaicaja kuti? Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, ngakhale ife a mu Lusaka tinali kucezela mumdima.

Intaneti sitikuikana. Mphunzitsi akapita ku boma kukatenga malipilo, angathe kuika maphunzilo a mwezi wonse pa memory card, n'kukawaseŵela kumudzi na kasipika ka sola. Zimenezo n'zochipa.

Codula ni munthu. Taonga inali kudalila mamentor odzipeleka, ndipo ambili anali kusiya cifukwa sanali kulandila kanthu. Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, cimene cili cabwino, koma tidziwana: ena mwa iwo ni anzathu a ku koleji, ndipo akangofika kumudzi wakutali amayamba kufunsa za transfer. Mentor sacoka, munda wake na ana ake ali komweko. Conco bungwe likabwela na makatoni a matabuleti, tizifunsa kuti munthu amene adzakhala na anawo m'maŵa uliwonse adzalandila zingati pa mwezi, komanso adzamulipila ndani pulojekiti ikatha.