Tisamangotama moto, tifunsenso za khoma

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani ya ng'anjo za fusion, zomwe akatswiri akuti zidzapanga magetsi potsanzira dzuwa, momwe tizidutswa ta mpweya wa hydrogen timalumikizana n'kutulutsa kutentha.

Mu 2023 ng'anjo ya JET ku England idatulutsa mphamvu ya mamegajoule 69 m'masekondi pafupifupi 5. Mu February 2025 ina yotchedwa WEST ku Cadarache, m'dziko la France, idasunga mpweya wotenthawo, womwe amautcha plasma, kwa masekondi 1,337. Anthu adaomba m'manja. Koma ine ndikuti nkhani yagona pa khoma la ng'anjoyo, pakuti mphika ukang'aluka, kukula kwa moto kulibenso phindu.

M'ng'anjo yaikulu ya ITER, yomwe ikumangidwa ku Cadarache komweko, plasma idzafika madigiri 150 miliyoni, kuposa pakati pa dzuwa kakhumi. Maginito ndiwo amaigwira kuti isakhudze khoma, komabe kutentha kwina kumapulumuka n'kukagwera pansi pa ng'anjo. Pamenepo sikweya mita imodzi idzalandira mamegawati 10, kuposa dzuwa la masana ka 10,000. Malowa amawakuta ndi chitsulo cha tungsten, chomwe chimasungunuka pa madigiri 3,422.

Nanga adziwa bwanji kuti chitsulocho chatsala pang'ono kusungunuka? Munthu sangalowemo. Amadalira makamera oona kuwala kwa infrared, komwe chinthu chotentha chimatulutsa. Tsono vuto n'lakuti tungsten imanyezimira ngati kalilole, choncho kamera imasokoneza kutentha kwenikweni ndi kuwala kongochokera mbali ina ya khoma. Fumbi likamatirira pachitsulopo, kawalidwe kake kamasinthanso. Kamera ikakokomeza, azimitsa ng'anjo popanda chifukwa. Ikachepetsa, chitsulo chisungunuka, tizidutswa take tilowa m'plasma n'kuizima, ndipo kukonza kwake n'kwa makina oyendetsera patali chifukwa cha cheza choopsa. N'chifukwa chake akatswiri amakwiriranso zipangizo zopimira kutentha m'kati mwa chitsulomo, ndiponso amapima madzi oziziritsa khoma polowa ndi potuluka, kuti mboni zitatu zigwirizane.

Mu 2024 akuluakulu a ITER adalengeza kuti kuyesa ndi deuterium ndi tritium, mitundu iwiri ya hydrogen yomwe ndiyo nkhuni zenizeni za ng'anjoyi, kudzayamba mu 2039 m'malo mwa 2035. Mpaka lero palibe ng'anjo ya fusion yomwe yatumizapo magetsi m'nyumba za anthu.

Choncho inu abusa ndi aphunzitsi, amene anthu amakufunsani akamva nkhani zotere pa wailesi, musawalonjeze magetsi a mawa. Mukamva za chipambano china, funsani kuti khoma lidatentha motani, adalipima ndi chiyani, ndipo lingapirire zaka zingati. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine wanu,
Wowerenga wa kumudzi