Khomo Limene Mlonda Saliona

Munthu woyenda pansi kuchokera ku City Centre, m'dera la Area 13, kulowera ku Area 12 kapena ku Area 10 mumzinda wa Lilongwe, sangalephere kuona mmene anthu akusamalira makomo awo masiku ano. Mipanda ya njerwa yatalika, pamwamba pake padutsa waya wamagetsi, zipata nzachitsulo, ndipo kuseri kwa chipata kuli galu kapena mlonda. Zonsezi nzoyenera, pakuti chuma chimene munthu adachikhetsera thukuta sachisiya pambalambanda. Koma m'nyumba zambiri zotchingidwa choterezi muli khomo lina limene mlonda saliona, galu sauwapo, ndipo mwininyumba sadziwa ngati nlotseka kapena nlotsegula. Khomolo ndi kabokosi ka timagetsi tophethira kamene kamakhala pashelefu pabalaza, kamene anthu amakatcha rauta.

Pamene likulu la dziko lino lidasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, uthenga unkayenda pa kalata, pa telegalamu ndi pa lamya ya waya. Ngakhale pamene kampani ya MalawiNet idayamba kugulitsa intaneti m'chaka cha 1997, munthu ankalumikiza kompyuta imodzi ku waya wa lamya, motero wofuna kugwiritsa nawo ntchito ankayenera kulowa m'nyumbamo ndi miyendo yake. Lero nkhani ndi ina. Rauta imagulidwa m'masitolo a ku Old Town ngati wayilesi, imalandira intaneti kuchokera ku Airtel, ku TNM, ku makampani ena, kapenanso ku Starlink imene idafika m'Malawi m'chaka cha 2023, nkuimwaza m'nyumba monse popanda waya. Tsono mafunde a Wi-Fi sadziwa malire a puloti. Amaboola khoma, amadumpha mpanda, nkukafika kwa munthu amene waima pamsewu ndi foni m'manja.

Walira mvula walira matope. Amene wafuna intaneti pakhomo pake wavomeranso udindo woilondera, ndipo udindowo umayamba ndi kudziwa ntchito zitatu zimene rauta imagwira. Ntchito yoyamba ndiyo kulumikiza nyumba ndi kampani yogulitsa intaneti, kaya kudzera mu simu khadi, mu waya, kapena m'mbale yoikidwa padenga. Apa mpamene pamalembedwa dzina la njira ya kampaniyo, lotchedwa APN, ndipo likalakwika ngakhale chilembo chimodzi, timagetsi timayaka koma intaneti osabwera. Ntchito yachiwiri ndiyo kugawa manambala kwa foni, kompyuta, kanema ndi makina osindikizira a m'nyumbamo, monga momwe amtengatenga amaperekera mabokosi a makalata, kuti uthenga wa mwana usakagwere pa kompyuta ya bambo. Ntchito yachitatu ndiyo kulondera, kusankha amene alowe ndi amene atsale panja. Anthu ambiri amalimbana ndi ntchito yoyamba yokha, ndipo akangoona kuti WhatsApp yayamba kuyenda amati zonse zatheka. Ntchito yachitatuyo amaisiya monga idachokera ku fakitale.

Chimene ambiri sadziwa nchakuti rauta ili ndi makiyi awiri. Kiyi woyamba ndi mawu achinsinsi a Wi-Fi, amene aliyense pakhomo amawadziwa. Kiyi wachiwiri ndi wa tsamba la makonzedwe a rautayo, limene limatseguka munthu akalemba nambala monga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1 pa foni kapena pa kompyuta yolumikizidwa kale. Nambala yeniyeni imalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta. Marauta ambiri, makamaka akale, amatuluka m'fakitale dzina lolowera ndi mawu achinsinsi zonse zili admin, ndipo zimenezi zidalembedwa m'timabuku ta malangizo timene aliyense angawerenge pa intaneti. Amene walowa pa tsambali ndiye mwini rauta weniweni. Akhoza kutsekera kunja eni nyumba, akhoza kudzitsegulira njira yobwererapo mawa, ndiponso akhoza kusintha kalozera wotchedwa DNS, kuti munthu wofuna tsamba la banki yake azikafikira pa tsamba labodza lofanana nalo. Chomwecho ntchito ya tsiku loyamba, rauta isadaikidwe nkomwe pashelefu, ndiyo kusintha kiyi wachiwiriyu.

Wina akhoza kuyesa kuti uku nkuopseza chabe. Komatu m'chaka cha 2016 dziko lapansi lidaona chimene ulesi wotere umabala. Pulogalamu yoononga yotchedwa Mirai inkasakasaka pa intaneti marauta ndi makamera, nkumayesa mayina ndi mawu achinsinsi a ku fakitale pafupifupi 60 okha. Ndi mndandanda waufupi womwewo idagwira zipangizo mazana a zikwi m'maiko osiyanasiyana, eni ake osadziwa kanthu. Pa 21 Okutobala chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zidatumidwa kukathithikiza kampani ya Dyn ya ku America, ndipo masamba akuluakulu monga Twitter ndi Netflix adasokonekera kwa maola angapo. Pulogalamu yotere sifunsa ngati rauta ili ku New York kapena ku Area 43. Imangogogoda khomo lililonse, nkulowa pamene papezeka posatseka.

Kiyi wa Wi-Fi nayenso ali ndi mbiri yake yoyenera kuidziwa. Loko woyamba wa mafunde amenewa, wotchedwa WEP, adakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, koma pofika 2001 akatswiri adaonetsa kuti ngwosavuta kuthyola. M'malo mwake mudabwera WPA m'chaka cha 2003, WPA2 m'chaka cha 2004, kenaka WPA3 m'chaka cha 2018. Mwininyumba akatsegula tsamba la makonzedwe nkupeza mayina amenewa, asankhe WPA3 ngati ilipo ndipo mafoni a pakhomo akugwirizana nayo, apo ayi asankhe WPA2. Rauta imene ikungodziwa WEP yokha yakalamba, ndipo malo ake ndi m'nyumba yosungiramo zakale.

Koma loko wabwino alibe phindu ngati kiyi wake wapachikidwa pachitseko. Chizolowezi chofala ndicho kuika nambala ya foni ya bambo kapena ya mayi ngati mawu achinsinsi. Mphunzitsi wa masamu akhoza kuonetsa kuopsa kwake pabolodi. Nambala ya foni m'Malawi ili ndi manambala 10, ndipo atatu oyamba, monga 099 kapena 088, amadziwika kale. Otsala ndi 7, kutanthauza njira 10,000,000 zokha, zimene kompyuta yamphamvu imazitha kuyesa m'mphindi zowerengeka. Komanso nambalayo amaidziwa wogulitsa makala, woyendetsa kabaza ndi aliyense amene adalandirako ndalama pa foni kuchokera pakhomopo. Dzina la mwana ndi chaka chimene adabadwa nazonso nzosabisika. WPA2 imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, choncho nkwanzeru kulumikiza mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana tanthauzo, nkuthiramo manambala pakati. Mawu otere mwini wake amawakumbukira mosavuta, pamene makina olota amatopa nawo.

Palinso timakomo tina tating'ono timene tiyenera kutsekedwa tsiku lomwelo. Koyamba ndi WPS, njira imene idapangidwa kuti munthu azilumikiza foni mwachidule ndi nambala ya manambala 8. M'chaka cha 2011 Stefan Viehböck adaonetsa kuti rauta imayesa nambalayo m'magawo awiri, motero wakuba safunika kuyesa koposa ka 11,000. Kachiwiri ndi chilolezo chokonza rauta munthu ali kutali, chimene banja wamba silichisowa konse. Kachitatu ndi pulogalamu yamkati mwa rautayo, imene imakalamba ngati denga la udzu. M'chaka cha 2017 Mathy Vanhoef wa ku yunivesite ya Leuven ku Belgium adapeza mng'alu ngakhale mu WPA2, ndipo makampani adautseka potulutsa mapulogalamu atsopano. Zipangizo zimene sizidalandire mapulogalamu atsopanowo zidatsala ndi mng'alu womwewo. Pomaliza pali dzina la netiweki limene limaoneka pa foni ya aliyense wodutsa. Kulembapo dzina la banja kapena nambala ya nyumba nkuuza wakuba khomo loti agogode. Ndipo rauta ikaikidwa pakati pa nyumba m'malo mwa pawindo loyang'ana kumsewu, mafunde ambiri amathera mkati, momwe akufunikira.

Apa mpamene pamabuka funso lovuta, ndipo silofunika kulinyoza. Mmalawi adaleredwa kuti mnansi akabwera kudzapala moto samukaniza, ndipo mlendo samufunsa mtengo wa madzi akumwa. Mlonda amene amachezera usiku wonse pachipata ali ndi banja kumudzi loti alankhule nalo. Mwana wa wantchito wokhala m'kanyumba kakuseri akukonzekera mayeso a MSCE ndipo ndalama yogulira bandulo alibe. Kodi kuwatsekera Wi-Fi sindiko kuuma mtima kumene makolo ankadana nako? Yankho lake lili m'mwambo womwewo. Mlendo amalandiridwa pakhonde kapena pabalaza, amapatsidwa mpando ndi chakudya, koma palibe amene amamupatsa kiyi wa kuchipinda kwa eni nyumba. Marauta ambiri ali ndi netiweki yachiwiri ya alendo, yokhala ndi dzina lake ndi mawu akeake achinsinsi. Wolowera kumeneko amalandira intaneti, koma saona makompyuta, makamera ndi makina osindikizira a m'nyumba. Ena amalolanso mwininyumba kuika malire a liwiro, kuti bandulo ya mwezi isathe pa sabata imodzi. Mlonda akasiya ntchito kapena lendi akasamuka, mawu a alendowo amasinthidwa popanda kusokoneza banja. Kugawana kuli bwino ndithu, koma wogawayo ayenera kudziwa amene akumugawira. Tsamba la makonzedwe limaonetsa mndandanda wa zipangizo zonse zimene zalumikizidwa, ndipo kuuyang'ana kamodzi pamwezi nchimodzimodzi kuwerenga mbuzi madzulo zisadalowe m'khola.

Nkhaniyi ikukhudzanso malamulo. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene likuti kulowa m'makina a munthu wina popanda chilolezo ndi mlandu. Wachinyamata amene amadzitama kuti amatha kuthyola Wi-Fi ya mnansi adziwe kuti lusolo likhoza kumufikitsa kubwalo la milandu. Mbali inayi, kuyambira m'chaka cha 2018 simu khadi iliyonse imalembetsedwa m'dzina la mwini wake, motsatira dongosolo la bungwe la MACRA. Simu khadi ya mu rauta nayonso ili ndi dzina. Mlendo wosadziwika akatumiza mauthenga achinyengo kapena oopseza kudzera pa rauta yosatseka, mapazi amene ofufuza adzayambe kuwalondola ndi olowera pakhomo pa amene adalembetsa. Akhoza kudzapezeka wosalakwa pamapeto, koma adzakhala atataya nthawi, mtendere ndi mbiri yake.

Udindo sungathere pa mwininyumba yekha. Ku Britain, kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo likuletsa kugulitsa zipangizo zolumikizidwa pa intaneti zokhala ndi mawu achinsinsi osavuta kulota monga admin kapena 12345. Nzeru imeneyi njoyenera kuilingalira kuno, pakuti rauta iliyonse yopezeka m'masitolo a mumzinda wa Lilongwe idapangidwa kunja. Ngakhale lamulo lotere lisadafike, wogulitsa aliyense ndi mmisiri aliyense woika intaneti m'nyumba za anthu akhoza kuchita chinthu chimodzi chosalira ndalama: asachoke pakhomopo mwininyumba asadalembe yekha makiyi ake awiri, mmisiriyo atayang'ana kumbali. Mmisiri wosunga kiyi wa nyumba ya kasitomala m'foni mwake akusenza katundu amene si wake.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu koposa. Phunziro la makompyuta lilipo kale m'sukulu za sekondale, ndipo rauta imodzi yakale njokwanira kuti kalasi yonse ione ndi maso zimene zili m'buku. Ophunzira aibweze mmene idachokera ku fakitale pokanikiza kabowo ka kumbuyo ndi kawaya, alowe pa tsamba la makonzedwe, asinthe makiyi onse awiri, atseke WPS, atsegule netiweki ya alendo, kenaka afotokoze chifukwa cha chilichonse chimene achita. Aphunzitsi omwewo akumbukire kuti mafunso a mayeso ndi malikisi a ana amasungidwa pa makompyuta amene nthawi zina amagawana Wi-Fi imodzi ndi mafoni a ophunzira. Kwa amene atsiriza sukulu ndipo akudikira ntchito, luso limeneli ndi khasu. Maofesi ang'onoang'ono a ku City Centre, masitolo a ku Old Town ndi nyumba za m'madera ozungulira zili ndi marauta ofuna munthu wodziwa ndiponso wokhulupirika. Pa ziwirizi kukhulupirika ndiko kumabweretsa kasitomala wachiwiri.

Safunsa adadya phula. Ntchito yonse imene yafotokozedwayi silira ngakhale tambala imodzi, ndipo munthu wodekha amaitsiriza ola lisadakwane. Banja limene lidatha kumanga mpanda wa njerwa ndi kulipira mlonda mwezi ndi mwezi silingalephere kutembenuza kabokosi kali pashelefu, kuwerenga kapepala ka kunsi kwake, ndi kufunsa mwana wa fomu 4 kuti athandize. Mwanayo akathandiza, mawu omaliza achinsinsi alembe ndi mwininyumba, awakopere m'kabuku, nkukasunga kabukuko kumene kumasungidwa zikalata za nyumba.