Dyetsani Mai, Mai Adyetse Mwana

Tsiku la sikelo likafika m'zipatala za m'midzi ndi m'makomboni mwathu, pamakhala anthu a nchito yolemekezeka: oyeza ana, olemba makhadi, ndi ogaŵa ufa wa phala kwa ana onyentchera. Ambiri ndi odzipereka cabe, ena ndi anzathu a m'miphakati. Mwezi uno ndifuna kuceza ndi inu, abale ndi alongo, cifukwa liu limodzi locokera pakamwa panu limalemera kuposa thumba la ufa limene mumagaŵa.

M'mitima ya othandiza ena mwakhazikika ganizo lakuti mai wosauka, wodya kamodzi pa tsiku, sangakhale ndi mkaka wokwanira. Akaona mai woonda amati, "Amai, muyambitseni kaphala mwanayu." Cifundo cotere cimapweteka. Mai wosadya bwino amapangabe mkaka wabwino, pokhapokha njala itafika poipitsitsa, pakuti thupi lake limadzimana kuti mwana akhute. Cimene cimacurukitsa mkaka ndi kuyamwa kwa mwana. Mwana wa miyezi iŵiri akapatsidwa phala kapena madzi amayamwa pang'ono, mkaka umacepa, ndipo mau anu aja amaoneka ngati oona. Pamenepo madzi a pacitsime cosaphimba aloŵa kale m'mimba mwa khanda, ndipo kutsegula m'mimba kuli pakhomo. Ndico cifukwa cake kuyambira mu 2001 bungwe la WHO limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, osalaŵa ngakhale madzi, kenaka apitirize kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Ena mwa inu mukusungabe malangizo akale onena za HIV, akuti mai wa kacirombo aletse mwana msanga. Kafukufuku wa ku Lusaka, amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2008, anaonetsa kuti kuletsa mwana mwadzidzidzi pa miyezi 4 sikunaonjezere ana opulumuka, ndipo mwa ana amene anali kale ndi kacirombo, oletsedwa msanga ndiwo anafa ambiri. Kuyambira mu 2010 malangizo anasintha: mai amene akumwa ma ARV mokhulupirika ayamwitse mwana wake. Safunsa anadya phula. Ngati maphunziro anu ndi akale, pitani kwa anamwino akudziŵitseni zatsopano.

Cenjeraninso ndi citini ca mkaka coperekedwa ngati mphatso. Malamulo a maiko onse a mu 1981 amaletsa kugaŵira amai zitini zaulere zokopa malonda. Citini cimatha m'masiku ocepa, bere litayamba kuuma. Mai wopanda ndalama amatsala akuthira madzi ambiri mu ufa wocepa, mwana nkumaonda.

Nanga tsono mucitenji? Dyetsani mai. Nshaŵa, nyemba, kapenta ndi ndiwo zamasamba zipite m'mbale mwake. Khalani naye pansi, muone ngati mwana akugwira bere bwino, pakamwa ponse, osati nsonga yokha. Lankhulani ndi mwamuna wake ndiponso apongozi, pakuti kaŵirikaŵiri ndiwo amalamula za phala panyumba, ndipo ndiwo angamcepetsere mtolo wa nkhuni ndi madzi. Musamkalipire pagulu. Mai wosauka wamva kale zambiri za zimene alibe. Kwa inu amve kuti cakudya coposa conse ca mwana wake ali naco, ndipo sicigulidwa m'sitolo.