Opaleshoni ya chiuno ndi bondo ichoke m'zipatala zophunzitsira

Opaleshoni yoika chiuno kapena bondo lochita kupanga imathandiza munthu amene mafupa ake adyeka polumikizira chifukwa cha nyamakazi. Dokotala amadula mbali yoonongekayo n'kuikapo chitsulo ndi pulasitiki yolimba. Njira yoikira chiuno yomwe madokotala akutsatira masiku ano adaikhazikitsa John Charnley mu 1962 pachipatala cha Wrightington ku Lancashire, chomwe kale chinkasamalira odwala chifuwa chachikulu.

Ku England ntchitoyi idakhazikika m'zipatala zikuluzikulu, kuphatikizapo zophunzitsira madokotala, ndipo vuto lake limaoneka m'nyengo yozizira. Mabedi amadzaza ndi odwala chibayo ndi ovulala pangozi. Gogo yemwe wasala kudya usiku wonse, atavala kale chovala cha m'chipatala, amauzidwa kuti abwerere kunyumba chifukwa bedi lake lapita kwa wina wodwala mwakayakaya. Ululu uja amabwerera nawo, ndipo miyendo imanka ifooka pamene akudikira tsiku lina.

Pofuna kuthetsa zimenezi, mu 2004 adatsegula South West London Elective Orthopaedic Centre ku Epsom, malo ongochitira maopaleshoni okonzeratu tsiku. Kumeneko palibe amene amalanda bedi la wodwala bondo. Madokotala, anamwino ndi ophunzitsa odwala kuyenda amagwira ntchito imodzimodziyo tsiku ndi tsiku mpaka kuizolowera, ndipo wodwala amayamba kuponda pansi tsiku lomwelo kapena mawa lake. Lipoti la Getting It Right First Time la mu 2015, lomwe adatsogolera Tim Briggs, lidadandaula za madokotala ochita maopaleshoni ochepa kwambiri pachaka ndipo lidalimbikitsa mabedi opatulidwa otere.

Ife tikuona kuti kusamutsa ntchitoyi n'koyenera, bola chipatala cholandiracho chizichita maopaleshoni ambiri. Kuigawa pang'onopang'ono m'zipatala zonse za m'madera kungabweze vuto lomwe lipotilo lidatchula.

Si wodwala aliyense angasamuke. Wodwala mtima kapena impso, komanso amene chitsulo chake chakale chagwedera kapena chagwidwa ndi tizilombo, akufunika chipatala chokhala ndi chipinda cha odwala mwakayakaya. Tikudanso nkhawa ndi madokotala omwe akuphunzira ntchito: maopaleshoni osavuta akachoka, iwo amatsala ndi ovuta okhaokha. Ayenera kutsatira odwalawo ku zipatala zolandira ntchitoyi, n'kumaphunzira kumeneko moyang'aniridwa ndi akatswiri.