Bulugamu Si Nkhalango

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndilankhula ndithu, olo ena akwiye.

Chaka ndi chaka nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, timatulutsa ana m'kalasi, aliyense kathumba ka mbande m'manja, n'kuwandandika m'mbali mwa mtsinje wa kuseri kwa sukulu. Mbandezo ndi za chiyani? Bulugamu. Tikatero timalemba lipoti loti tabwezeretsa chilengedwe. Bodza limenelo, ndipo ine ndalilembapo kangapo ndi dzanja langali.

Bulugamu kwawo ndi ku Australia. Sindimuda ayi. Amakula msanga, amatipatsa milimo ndi nkhuni, denga la nyumba yanga ndi iyeyo. Koma malo ake si m'mphepete mwa mtsinje kapena m'dambo, chifukwa amamwa madzi kwambiri. Ndipo kayang'aneni pansi pake muone ngati mumera china chilichonse cholozeka.

Pamtsinje umenewu kale panali mbawa, mkuyu, katope ndi mwimbi. Mizu yake inkagwira gombe, mthunzi wake unkasunga madzi mpaka mu Okutobala. Tinadula, tinalima chimanga ndi tomato mpaka khasu kugunda madzi. Ndiye madzi akasefukira ngati mu Januwale 2015, kapena pa namondwe Freddy mu 2023, gombe n'kugumuka, timadabwa chiyani? Mvula yoteroyo mtengo sungailetse, ndikudziwa, koma gombe lambee ndilo limayamba kupita.

Kumtunda nakonso n'chimodzimodzi. Tchire la miombo si mitengo yokha. Muli masuku, mpoza, maula, mateme, mankhwala a agogo, mphalabungu, njuchi. Bowa ngati manyame amakhala molumikizana ndi mizu ya miombo, moti mukadula mombo bowayo amapita nawo. Sabata yatha ndinafunsa ana a Fomu 3 kuti atchule mitengo khumi yachilengedwe. Anafika pa inayi, wina n'kuwonjezera paini! Komatu mayeso a Biology amakhoza bwino anawa. Tawaphunzitsa ndife.

Chimene chimandipweteka n'chakuti miombo simafuna ndalama. Chitsa chake chimaphukira chokha. Mungoletsa moto wa m'chilimwe, mbuzi ndi nkhwangwa kwa zaka zingapo, n'kupatulira mphukira, tchire limabwerera. Koma chitsa sichijambulika bwino pa chithunzi, ndiponso mlendo wolemekezeka sangachithirire madzi ndi khasu latsopano pambali. N'chifukwa chake timakonda kuwerenga mbande zimene tabzala, osati zimene zapulumuka pofika Seputembala.

Ena mudzati njere za mbawa n'zovuta kupeza. Zoona, sizichedwa kufa zikasungidwa, za masuku ndiye n'zoposa. Ndiye tizitola pa nthawi yake n'kufesa msanga, basi. Ana athu amadya masuku pa buleki n'kulavula njere paliponse.

Chaka chino kalabu yathu ya Wildlife siilandira mbande ya bulugamu yobzala kumtsinje. A hedi ndawauza kale, ndipo sanakondwe. Amene muli ndi mbawa kwanu, njere zikayamba kugwa munditolereko.